Mwala wa Alendo

Mutu 7

1. Nyumba ya malata

Bodza la Nicolasa linabadwa tsiku loyamba lenileni pa sukulu ya atsikana yogonera komweko, mumzinda wa Chihuahua. Atsikana ankafunsana za kwawo. Uyu akuti kwathu nyumba ndi yosanja, uyo akuti bambo anga ali ndi sitolo ya nsapato. Atamufunsa Nicolasa, iye anayang'ana pansi.

"Kwathu ndi ku Creel," anatero. "Nyumba ya malata, pafupi ndi njanji."

Ku Creel! Mwana wobadwira m'phanga, ulendo wa maola awiri wapansi kuchoka ku Creel, mwana wa mayi Rufina amene tonse timawadziwa, lero wasanduka wa m'tauni! Ine kwathu ndi kuseri kwa phiri lomwelo, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akukwawa m'fumbi pakhomo pa phangalo. Tsono wina asandiuze kuti mwanayo anasokonezeka. Ananama akudziwa.

Komabe ndisamuweruze kwambiri. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo m'kalasi monse Mraramuri, munthu wa mtundu wathu wa kumapiri kuno, anali yekha. M'mawa wa tsiku lomwelo anali atamva anzake akuseka amayi a mtundu wathu amene amaima pa mphambano za mumzinda, atavala masiketi otambalala, akugulitsa timadengu. Mantha anamugwira, pakamwa n'kuthamanga.

Zaka ziwiri zinapita bodza lija likunenepa. Linapeza mawindo agalasi, linapeza wailesi yakanema, mpaka linamera mtengo wa maapozi kuseri. Amene ankalidyetsa kwambiri anali Yesenia, mnzake wa pamtima, mtsikana wa mtima wabwino koma wa pakamwa posatseka, wofunsa chilichonse mpaka mtundu wa makatani.

Ndiye Lachitatu lina aphunzitsi a Ontiveros, amene ankaphunzitsa za mapiri ndi mitsinje, analowa m'kalasi akumwetulira.

"Loweruka lino tinyamuka mbandakucha," anatero. "Tikaona miyala ya ku mapiri a Creel ndi mapanga amene munkakhala anthu akale. Za m'buku zakwana, mukaone ndi maso."

Kalasi yonse inakuwa. Yesenia anamukumbatira Nicolasa mpaka kumutsamwitsa.

"Kwanu, Nico, kwanu! Ukandionetsa nyumba ija. Amayi ako akandiphikire, nyemba za pano zandikwana."

"Amayi kulibe," anayankha Nicolasa. "Anapita kutali kukadwazika matenda. Nyumba ndi yokhoma."

Lachisanu anayesa kudwala mutu. Asisitere oyang'anira odwala anamugwira pamphumi, n'kumupatsa mapilitsi awiri, n'kumuuza kuti mphepo ya kwawo ikamuchiza.

2. Manja m'thumba

Basi inafika ku Creel dzuwa litakwera ndithu. Yesenia anakanikiza mphuno pa windo.

"Ili kuti? Ndilozere, ngakhale denga lokha!"

Nicolasa analoza nyumba yoyamba ya malata imene anaiona pafupi ndi njanji.

"Iyo? Unati ndi yokhoma. Nanga bambo wamimba akumeta ndevu pakhondeyo ndani?"

"Ndi wotiyang'anira nyumba."

"Eee, mpaka wantchito! Ndiye umangodzichepetsa, mwana wa bwana iwe."

Mwamwayi basi sinaime. Inalowa msewu wafumbi wa pakati pa mitengo ya paini, n'kukaima pa chipata cha mitengo pamene pamayambira dziko la mudzi wathu. Alendo sayenda okha kupitirira pamenepo. Mudzi umasankha wowaperekeza, ndipo amuna amasinthana masiku.

Tsiku limenelo linali la a Celedonio, malume ake a Nicolasa, mlongo wawo wa mayi Rufina.

Anali ataima pa chipata, nsalu yoyera atamanga kumutu, nsapato za matayala kuphazi. Atsikana akutsika, iwo ankawapatsa moni mmodzimmodzi. Ataona Nicolasa nkhope yawo inawala, ndipo anatambasula dzanja kuti akhudzane nsonga za zala monga tichitira ife.

Nicolasa anapisa manja m'matumba a juzi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero m'Chisipanishi, ngati akupatsa moni kondakitala.

Dzanja la a Celedonio linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linakakanda chibwano.

"Ndadzuka, mtsikana," anayankha nawonso m'Chisipanishi. "Tiyeni, ulendo ndi wautali."

Anayamba ndi chigwa cha miyala ya bowa. Ife timangodutsapo popita kotunga madzi, koma atsikana a mumzinda anachita ngati apenga. Mwala uliwonse uli ndi mwendo woonda, pamwamba chipewa chachikulu, ina kutalika kuposa basi. Patsogolo pang'ono pali ina yonyonyomala ngati achule.

"Ukandigwera uwu, adzawauze amayi anga ndani?" anakuwa Yesenia, ataima pansi pa chipewa cha mwala. "Nico, ndijambule msanga ndisanafe. Ayi, osati choncho, ndikuoneka wamfupi!"

"Ndiwe wamfupi kale, foni yalakwanji?"

"Choka iwe, nsanje!"

Aphunzitsi anafotokoza kuti kalekale mapiri ankalavula phulusa lamoto, phulusalo linauma n'kukhala mwala, ndipo mvula ndi mphepo zinadya pofewa n'kusiya polimba. Ena analemba, ambiri anangojambula. Aphunzitsi atamaliza anatembenukira kwa a Celedonio.

"Nanga inu eni ake mumati miyala imeneyi ndi chiyani, bambo?"

"Timati ndi pobisalira mbuzi mvula ikagwa," anayankha a Celedonio. Atsikana anaseka, iwo osaseka.

Nicolasa ankayenda kumbuyo kwenikweni. Mwala wachitatu kuchoka kunjira uli ndi kabowo kumunsi kwake, mmene iye ali wamng'ono ankabisamo zidole za zitsononkho. Anadutsa osayang'anako.

3. Anthu amene sanathe

Phanga lakale lili pamwamba, pokwera ndi manja ndi miyendo yomwe. Atsikana ankakwera akubuula, koma Nicolasa anaiwala kuti ndi wa m'tauni.

"Usaponde uwo, umagwedera," anamuuza Yesenia.

"Ukudziwa bwanji?"

"Ukungooneka."

Phangalo ndi lalikulu, kalasi yonse inalowa malo n'kutsala. Denga lake ndi lakuda bii ndi mwaye. Kumapeto kuli tinkhokwe tadothi tosweka milomo, ndipo pansi pali maenje osalala pamene amayi ankaperapo chimanga.

"Taonani," anatero aphunzitsi. "Muno munkakhala anthu zaka mazana apitawo. Ankaphika apa, ankagona apo. Tsopano moyo umenewo unatha, kwatsala miyala yokha."

A Celedonio anatsokomola.

"Aphunzitsi, mundilole. Ine sukulu ndinalekeza ndisanadziwe kulemba dzina langa, koma mawu akuti 'unatha' andilasa. Muno anthu anachokamo chifukwa kasupe wa pansipa anauma. Sanathe ayi, anangotsika pang'ono. Mwaye mukuuonawo si wa munthu mmodzi. Agogo anayatsa moto apa, mwana anayatsa pomwepo, mdzukulu pomwepo, mpaka denga linada chonchi. Tsono ana inu, musakande ndi makiyi kuti mulembe maina anu. Chaka chatha wina analemba dzina la chibwenzi chake apo. Mwina lero anasiyana, koma chilonda chatsala pa khoma la makolo athu. Musatole phale, musatole chitsononkho. Mukuona ngati ndi zinyalala, koma mlendo akalowa kwanu n'kutola supuni n'kuika m'thumba, inu mumati chiyani? Onani ndi maso basi, manja akhale kwa inu."

Aphunzitsi a Ontiveros anali munthu wosauma mutu.

"Mwandikonza, bambo," anatero. "Ana inu, amene walemba 'unatha' afufute."

Yesenia anatulutsa kaphale m'thumba mwakachetechete n'kukabwezera pamene anatola.

Potsika, a Celedonio anatsalira m'mbuyo ngati akumanga chingwe cha nsapato. Nicolasa atafika pafupi, analankhula m'chinenero chathu, motsitsa mawu, maso ali pa nsapato.

"Manja ako adwala chiyani, mwana wa mlongo wanga?"

"Malume, ine..."

"Usayankhe, ndaona ndekha. Ine undikane, palibe kanthu. Ndine nkhalamba, alendo andijambula kambirimbiri ngati ndine mwala wa bowa, sindinafe. Koma tamvera. Basi yanu yazungulira, ikukudikirani kumunsi kwa mtsinje. Njira yotsikira kumeneko ndi imodzi, ndipo ukudziwa pamene imadutsa. Amayi ako alipo. Sakudziwa kuti wabwera.

"Pamene unkapita ku sukulu, amayi a m'mudzi muno ankawaseka amayi ako. Ankati mwana wamkazi akalawa buledi wa mumzinda sabwerera, ndipo akabwerera amabwera atatseka mphuno. Amayi ako ankangoti, 'Wanga akudziwa khomo.' Bambo ako amakhala kothyola maapozi miyezi isanu pa chaka. Mbuzi akuweta amayi ako, chimanga akulima amayi ako, pamene iwe ukanakhala dzanja lawo lachiwiri. Sanadandaulepo. Bulangeti ukufunda kusukulu lija anameta nkhosa okha, kupota okha, kuluka okha, n'kuyenda nalo m'chipale chofewa mpaka ku Creel kukalikweza basi. Kaya anzako unawauza kuti unagula m'sitolo, izo ndi zako.

"Sukulu sindikukuletsa. Phunzira mpaka mutu utuluke utsi, udzakhale dokotala, udzatibaye jakisoni tonse. Koma lero ukafika pakhomo paja, udziwe pamene ukhale. Ndanena, sindibwerezanso."

Anadzuka n'kupita kutsogolo, akuchenjeza atsikana za miyala yoterera.

4. Chikho cha pinole

Njira itakhota, utsi unaoneka. Unkatuluka pansi pa thanthwe lalikulu lopendekera, limene kutsogolo kwake kuli khoma la miyala ndi chitseko cha matabwa. Pabwalo panali khola la mbuzi, nkhuku, ndi masiketi atatu atayanikidwa pa chitsamba.

"Aphunzitsi, muli anthu!" anakuwa Yesenia. "Anthu enieni m'phanga!" Anayamba kuthamangira ku chitseko, foni m'mwamba, anzake pambuyo.

"Imani!"

A Celedonio sakuwa kawirikawiri. Atsikana anaima pomwepo.

"Kuno sitigogoda pa chitseko, ndipo sitiitana," anatero. "Mukuuona mwala wautali uwo, pansi pa mtengowo? Ndi mwala wa alendo. Khomo lililonse lili ndi malo ake otere, patali pang'ono. Mlendo amakhala pamenepo n'kumayang'ana kumbali, osati kuchitseko. Mwini nyumba wakuonani kale, musade nkhawa. Mwina akudya, mwina akuvala, mwina wakangana ndi mwamuna wake ndipo akufuna apukute kaye nkhope. Akakonzeka atuluka. Akapanda kutuluka, mlendo amadzuka n'kumapita, popanda kukwiya. Wolowa osadikira ndi mwana wa pakhomo yekha, ndi nkhuku."

Atsikana anaseka n'kukhala pa mwala, ena pa udzu. Aphunzitsi anavula chipewa n'kukhala nawonso. Nicolasa anatsala ali chiimire pakati pa njira. Kumanzere kunali mwala, kumanja chitseko chimene iye mwini anachipaka utoto wabuluu pa tchuthi chapitacho. A Celedonio ankayang'ana mbuzi.

"Nico, bwera, ndakusungira malo," anaitana Yesenia, akumenya mwala ndi chikhatho.

Nicolasa anapita kukakhala pa mwala.

Woyamba kutuluka anali galu wa pakhomopo, Pinto. Anauwa kawiri, n'kununkhiza mphepo, kenako anathamanga molunjika kwa Nicolasa, akulira, mchira ukugwedeza thupi lonse, n'kumuika miyendo pa maondo.

"Iii, galu uyu akukudziwa!" anatero Yesenia.

"Agalu amangondikonda," anayankha Nicolasa, n'kumukankha ndi phazi.

Kenako chitseko chinatseguka. Mayi Rufina anatuluka atanyamula chikho chachikulu cha pinole, ufa wa chimanga chokazinga wosungunula m'madzi, umene mlendo aliyense amalandira kuno, kaya wabwera ndi uthenga wabwino kaya woipa. Ankayenda pang'onopang'ono, maso pansi. Ali pakati pa bwalo anadzutsa mutu n'kuona mwana wawo.

Anafulumira mapazi atatu, pinole mpaka kutayikira pa siketi. Kenako anaona pamene mwanayo anakhala. Anaona manja m'matumba, maso kumbali. Anaima, n'kupukuta dzanja pa siketi, n'kuyambanso kuyenda pang'onopang'ono ngati poyamba.

Chikho chinayamba ndi aphunzitsi, n'kumayenda. Yesenia analawa n'kunyambita milomo.

"Chokoma, koma mayo ine, fungo la utsi! Lalowa mpaka m'madzi." Anatsitsa mawu, koma mawu a Yesenia otsitsa amamveka kutsidya kwa mtsinje. "Nico, anthu amenewa amasamba kuti? Ine sindingagone muno ngakhale tsiku limodzi. Iwe wa ku Creel, mayi awa umawadziwa?"

Mayi Rufina anali ataima pomwepo, akudikira chikho.

"Ndimangowaona pamsika," anatero Nicolasa. "Amagulitsa madengu."

Mwana ameneyu! Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa mtima umandiwawa. Chisipanishi cha mayi Rufina ndi chochepa, chongogulitsira madengu, koma mawu aja anali a pamsika pomwepo ndipo anawamva onse. Analandira chikho kwa Yesenia, n'kuchipereka kwa Nicolasa ndi manja awiri.

"Imwani, alendo," anatero m'chinenero chathu. "Mwachokera kutali."

Nicolasa anamwa. Pinole wa amayi ake, amene kusukulu ankachita kumulota, lero anamumwa ngati mlendo.

Aphunzitsi anapempha kudzera mwa a Celedonio ngati ana angaone mkati. Mayi Rufina anavomera ndi mutu, koma anati alowe kaye okha akonze. Sanachedwe. Atsikana analowa asanuasanu, akuwerama pa chitseko. Anadabwa kupeza mkati muli mofunda, mosesedwa bwino, mabulangeti atapindidwa pa thabwa, chimanga chabuluu chitapachikidwa kudenga.

Nicolasa analowa m'gulu lomaliza, ndipo maso ake anathamangira pa khoma la kumutu kwa bedi. Pamenepo nthawi zonse pankakhala satifiketi yake ya pulayimale, yokhala ndi chithunzi chake, yokutidwa m'pulasitiki kuopa mwaye. Amayi ake sadziwa kuwerenga, koma ankaionetsa kwa aliyense, ngakhale wodzagula mbuzi. Tsopano panali msomali wokha, ndi malo oyera a ngodya zinayi pakati pa khoma lakuda.

Amayi anali ataichotsa kuti anzake asaione, bodza la mwana wawo lisaululike.

5. Juzi

Kuchoka paphanga kukafika pamene panali basi ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Njira yonse Yesenia pakamwa sipanapume.

"Mayi aja ndawakonda, Nico. Waona mmene asesera? Kuposa chipinda chathu. Koma maso awo ndi achisoni. Kaya ali ndi ana? Ngati alipo ndi ana oipa, kuwasiya okhaokha chonchija."



A Celedonio anawasiya pa mtsinje n'kubwerera. Atsikana anatulutsa zakudya zawo n'kukhala pa udzu. Aphunzitsi anati basi inyamuka 4 koloko, wochedwa atsala ndi achule a miyala.

Nicolasa sanadye. Analowa m'basi, anavula juzi n'kuikankhira pansi pa mpando, n'kutuluka.

"Aphunzitsi, ndaiwala juzi ku phanga kuja."

"Iwenso! Thamanga, usachedwe."

Bodza linanso, inde, koma ili linali loloza kwawo. Anathamanga monga tithamangira ife, chitunda chonse osapuma, liwiro limene kusukulu ankalibisa kuopa kufunsidwa kumene analiphunzira.

Atafika pa mtengo uja anaima. Chitseko chinali chotseka, mkati mphero ikulira, amayi akupera chimanga. Chiphunzirire kuyenda, Nicolasa anali asanadikirepo pa bwalo limeneli. Lero manyazi anamukhazika pa mwala.

Pinto, wosasunga mangawa, anabwera n'kugona pa mapazi ake. Mphero inaleka. Nicolasa anadzutsa mutu. Patapita kanthawi mphero inayambanso.

Mwana aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Amuona, ndipo satuluka.

Misozi inayamba. A Celedonio anali kukhola akumanga mtengo umene mbuzi zinagwetsa. Anamaliza kaye mfundo yawo, ndiye n'kubwera.

"Ukulira chiyani? Mlendo akapanda kulandiridwa amangopita."

"Malume, kawauzeni kuti ndabwera kudzapepesa."

"Akudziwa. Ndinakuona uli kumunsi, ndawauza. Akuti alendo alero awapatsa kale pinole, wina alibe."

"Koma ndine mwana wawo!"

"Ukuuza ine? Tsiku lobadwa iwe ndinakatunga madzi ndine. Mbuzi izi zikudziwa, galu uyu akudziwa. Amene sakudziwa ali kumtsinje uko, akudya."

A Celedonio anakhala pa udzu, osati pa mwala.

"Tamvera, mwana iwe. Amayi ako sanakwiye ndi za utsi zimene wanena mnzako uja. Utsi ndi utsi, ulipodi, ngakhale ine ndikununkha. Chawapweteka n'chakuti wawakana pamaso pa anthu makumi atatu, ndiye wabwera kudzawavomera pamaso pa galu. Ukufuna uzikhala mwana wawo kukakhala kopanda anthu, basi ikalira ukhalenso mtsikana wa ku Creel. Zimenezo ayi. Iwo achita mbali yawo, pepala lako achotsa pakhoma kuti usachite manyazi. Ukudziwa kuti polichotsa mpaka pulasitiki yang'ambika? Ine sindingakulowetse, chifukwa amene wakukhazika pamwalapo sindine."

Kumunsi basi inaliza hutala koyamba.

Pinto anadzuka n'kuuwa. M'njira munatulukira Yesenia, ali wefuwefu, nkhope ili psuu, juzi ili m'manja.

"Nico! Ndafa ine, chitunda ichi! Juzi yako inali pansi pa mpando, mbuzi iwe, ndachita kuiponda ndekha. Aphunzitsi akuti..."

Analekeza. Anayang'ana misozi, anayang'ana galu amene anali atabwerera pa mapazi a Nicolasa, anayang'ana a Celedonio.

"Chachitika n'chiyani? Akunyoza anthu awa? Tandiuza!"

A Celedonio anadzuka n'kubwerera kukhola.

Nicolasa anaimirira n'kupukuta nkhope ndi chikhatho. Mawu oyamba anatuluka ngati a kamwana ka mbuzi, anachita kuyambanso.

"Yesenia, khala pamwalapa. Uyang'ane kumbali, udikire."

"Nanga iwe?"

"Ine sindidikira. Kuno ndi kwathu. Ku Creel tilibe nyumba, ndinakunamiza. Awo ndi malume anga. Amene anakupatsa pinole aja ndi amayi anga ondibala, ndipo mwana woipa umanena uja ndine. Unafunsa kumene timasamba. Timasamba mumtsinje umene mwaimika basi uja."

Ananena zimenezi m'Chisipanishi. Kenako anatembenukira ku chitseko n'kuzinenanso m'chinenero chathu, mokweza, mpaka nkhuku zinabalalika.

Yesenia anayang'ana chitseko chabuluu chija, n'kuyang'ana mnzake. Anakhala pa mwala pang'onopang'ono, juzi ili pa miyendo. Nicolasa sanathe kudziwa ngati nkhope ija inali ya manyazi, kapena ya mkwiyo wa munthu wonamizidwa zaka ziwiri, amene mawa lake akauza sukulu yonse.

Basi inaliza hutala kachiwiri.

Nicolasa anadutsa bwalo, galu pambuyo. Atafika pa chitseko anaika dzanja pa thabwa, ndipo mkatimo mphero inaleka kulira.

"Ndani?" anafunsa mayi Rufina.